Kusankha tenti imodzi yoti muziyenda nayo chaka chonse, kuphiri ngakhale kunyanja

Anthu ambiri akamafuna kugula tenti yokagona nayo kuphiri amayamba ndi kufufuza mawu akuti "4 season" pa chikwama chake, kuganiza kuti imeneyo ndiye yolimba kuposa zonse ndipo igwira ntchito Januwale mpaka Disembala. Ndikuuzeni zoona, mawu amenewo analembera anthu a kumayiko kogwa sinowo. Tenti yotero anaipanga kuti isaphwanyike sinowo ikaunjikana pamwamba komanso kuti isamalowe mphepo, ndiye neti imakhala yochepa kwambiri, nsalu yokhuthala, kulemera kwake nakonso kosasewera. Mukaikhoma ku Liwonde kapena ku Lengwe mu Okutobala simugonamo, mutuluka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu. Kuno kwathu adani a munthu wogona panja ndi anayi: mvula ya dzinja, mphepo, kutentha ndi udzudzu. Kuzizira kulipo inde, ku Nyika ndi pamwamba pa Mulanje, koma kuzizira sikuthetsedwa ndi tenti, ndifika pamenepo. Ndiye tenti ya chaka chonse ya ife ndi ija amailemba kuti "3 season" koma yopangidwa bwino, ndipo nkhani yonse ili pa kudziwa kusiyanitsa yabwino ndi yachabechabe chifukwa zonse zimalembedwa chimodzimodzi.

Yambani ndi kukhala pansi n'kudzifunsa kuti kodi tentiyi muzipita nayo kuti, ndipo azinyamula ndani. Funso limeneli anthu amalidumpha koma ndi limene limagamula zonse. Ngati maulendo anu ndi a pagalimoto, mwafika ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear mwatsitsa katundu mwakhoma pomwepo, kulemera si nkhani, mutha kutenga ngakhale ya kanvasi ija yolemera makilo oposa 10 ndipo imapuma bwino pakatentha. Koma ngati mumtima muli zokwera phiri la Mulanje, kuyambira pa Likhubula kupita ku Chambe kapena ku Lichenya, kenako Chisepo kuti mawa lake mukagwire Sapitwa pa mamita 3,002, apo kilo iliyonse mumaimva m'maondo. Ena amati palibe vuto pali mapota, anthu onyamulira alendo katundu, eya alipo ndipo ndi anthu odziwa phiri lawo, koma nawonso ndi anthu, si bwino kuwasenzetsa chinyumba chonse chifukwa choti inu simunafune kuganiza pogula. Komanso dziwani kuti pa Mulanje pali ma hut, tinyumba togonamo okwera phiri, monga Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu ndi ena ndatchula aja, moti nthawi zambiri tenti imakhala yokhoma pafupi ndi hut pamene mwadzaza anthu kapena mukufuna kugona panokha. Ku Nyika ndi ku Zomba ndiye tenti imakhala nyumba yanu yeniyeni. Kwa munthu wofuna tenti imodzi yochita zonsezi, ine ndinganene kuti ya anthu awiri isapitirire makilo awiri ndi theka, ikafika atatu ikhale yoti mugawana, wina nsalu wina ndodo ndi zikhomo.

Mukatero onani kukula. Akalemba kuti ya anthu awiri amatanthauza anthu awiri ogona mothinana phewa ndi phewa, popanda chikwama, popanda nsapato. M'lifupi mwake mumakhala masentimita 120 kapena 130 basi, pamene kamatiresi kamodzi kogonera kamatenga 50 mpaka 60. Ndiye ngati mumayenda nokha tengani ya awiri, ngati mumayenda awiri ndi akazi anu kapena mnzanu ndipo msana ukulola, tengani ya atatu. Yesani kulowamo ndithu musanapereke ndalama, gonani chagada muone ngati mutu kapena mapazi zikugunda nsalu, khalani tsonga muone ngati mutha kuvala juzi osakhudza denga. Pafunika pakati pakhale potalika pafupifupi mita imodzi. Izi zimaoneka zazing'ono koma tsiku limene mvula idzakutsekereni m'kati kuyambira 2 koloko masana mpaka m'mawa mudzazikumbukira.

Tsopano chinthu chimene sindinyengerera nacho: tenti ikhale ya nsalu ziwiri. Yam'kati yopyapyala yokhala ndi neti, ndi yakunja yotchinga mvula imene ambiri amangoiti fly, ndipo pakati pa ziwirizi pakhale mpata woti dzanja likhoza kulowa. Chifukwa chake n'chakuti munthu ukagona umapuma, umatulutsa chinyezi usiku wonse, chinyezicho chikakumana ndi nsalu yozizira chimasanduka madzi ngati mmene chimachitira chivundikiro cha poto. Mu tenti ya nsalu imodzi madzi amenewo amakugwerani inuyo. Ndinaziona ndekha pa Zomba mwezi wa Julayi, tinali ndi katenti kaja kongoponya pansi n'kudzitambasula kokha, mvula yeniyeni siinagwe, inali chiperoni chabe, nkhungu ndi kamvula kowaza kaja, koma pofika 4 koloko m'mawa bulangete linali litanyowa mbali yonse yogunda nsalu ndipo mnzanga anayamba kunjenjemera moti tinachita kudzuka kukasonkha moto panja. Tinkaganiza kuti tenti ikudontha pamene anali mpweya wathu womwe. Mu tenti ya nsalu ziwiri madziwo amakakhala pa fly n'kutsetserekera pansi kunja, inu muli gwa.

Fly imeneyo iyenera kutsika mpaka pafupi ndi dothi mbali zonse. Pali matenti ambiri m'masitolo a m'tauni amene fly yake ndi kachipewa kongovindikira pansonga, makoma onse ali pamtunda. Amenewo ndi a ana kusewera pabwalo kapena usiku umodzi kunyanja kopanda mitambo. Mvula ya kuno siigwa mowongoka, ya mu Januwale ndi Febuluwale imabwera ndi mphepo yake n'kumamenya cham'mbali, ndiye kachipewa sikathandiza chilichonse. Ndipo ubwino wa fly yochotseka ndi umenewu umene umapangitsa tenti imodzi kukhala ya chaka chonse: kukatentha, monga ku Majete kapena ku Nkhata Bay mu Okutobala ndi Novembala mvula isanayambe, mumaichotsa n'kugona mu neti yokha, kamphepo kakudutsa, udzudzu uli panja. Kukazizira kapena kukachita mitambo mumaibwezera. Nyengo zonse zathera pamenepo.

Kenako tembenuzani chikwama kapena kapepala kake mufufuze nambala yokhala ndi "mm" kumapeto, nthawi zina amalemba HH kapena hydrostatic head. Nambala imeneyi imanena kutalika kwa madzi amene angaimikidwe mu chubu pamwamba pa nsaluyo asanayambe kudutsa. Ikakhala 1,500 mm ndiye poyambira penipeni, imapirira mvula wamba. Kwa ife amene tikufuna kuyenda ngakhale m'dzinja, fly ikhale 3,000 mm kapena kuyandikira pamenepo, ndipo pansi pogona pakhale pokwera kuposa apo, 5,000 mm ndi bwino, chifukwa pansi mumagwada ndi kukhalapo ndiye thupi lanu limakanikiza madzi a m'dothi kuti alowe. Ngati palibe nambala iliyonse, angolemba kuti siilowa madzi basi, isiyeni, wopanga amene nsalu yake ndi yabwino sabisa nambala. Pansipo pakhalenso popindikira m'mwamba ngati beseni, masentimita 10 kapena kuposa, kuti madzi oyenda pansi asalowere m'mbali.

Koma nambala yokha siikwanira, madzi amakonda kulowera m'misoko. Tembenuzani fly muone kum'kati, pamsoko uliwonse payenera kukhala kalamba koonekera ngati selotepi komatidwa ndi moto. Kakakhala kuti palibe, kapena kayamba kumatuka n'kumafumbutuka ngati mamba a nsomba, tentiyo idontha ndithu. Izi n'zofunika kwambiri kwa inu ogula pa kaunjika, ndipo sindikunyoza kaunjika ayi, matenti ena abwino kwambiri amene ndawaona kuno anachokera m'mabelo momwemo. Kungoti muyenera kukhala ndi diso. Nunkhizani nsaluyo, ikamamveka fungo lowawasa ngati masanzi ndipo kum'kati ikunyatanyata m'manja, ndiye kuti mankhwala otchinga madzi aja anaola, palibenso chochita, ngakhale akutsitsireni mtengo bwanji. Iyang'anitseni padzuwa muone timabowo. Werengani ndodo ngati zakwana, chifukwa kupeza ndodo yolowa m'malo kuno ndi ntchito yaikulu.

Za mtundu wa nsalu sinditayapo nthawi yambiri. Pali nayiloni ndi poliyesitala. Nayiloni ndi yopepuka ndi yolimba koma ikanyowa imalendewera, mumafunika kudzuka kukakokanso zingwe. Poliyesitala siilendewera kwambiri ndipo imapirira dzuwa bwinoko, ndipo dzuwa la kuno ndi limene limapha matenti ambiri kuposa mvula. Kwa munthu wogula tenti imodzi yokha ine ndimakondera poliyesitala.

Ndodo ndiye pamene pagona mtengo, ndipo ndi pamene opanga amabera. Zilipo za fayiba, zakuda zolemera zija, ndi za aluminiyamu. Za fayiba zimatchipa, koma zikapindidwa ndi mphepo yamphamvu zimang'aluka m'litali ngati bango, timinga take n'kukulasani m'manja ndi kuboola nsalu, ndipo zikatero usiku pamwamba paphiri palibe chomwe mungachite. Za aluminiyamu zimapepuka, zikapanikizika zimangopindika osathyoka msanga, ndipo ngakhale zitathyoka mumalowetsa kachubu kaja amaika m'thumba la zikhomo, kumanga ndi tepi, ulendo n'kupitirira. Ngati ndalama ikulola chinthu chimodzi chokha chodula pa tenti yanu, chikhale ndodo. Amene anagonapo m'mbali mwa nyanja nthawi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, akudziwa zimene ndikunena, mphepo ija imawomba usiku wonse osapuma ndipo tenti ya ndodo zofooka imagona pansi n'kumakumenyani kumaso.

Kapangidwe kake nakonso kaganizireni. Yozungulira ija ya ndodo ziwiri zopingasana pamwamba, imene amaiti dome, ndi imene ndingalangize munthu wofuna imodzi yochita zonse, chifukwa imaima yokha ngakhale musanakhome chikhomo chilichonse. Zimenezi n'zofunika pa Mulanje pamene malo ambiri dothi ndi lochepa pansi pali thanthwe, komanso pamchenga wa kunyanja pamene chikhomo chimangozuka. Mumatha kuinyamula ili chiimire kuisuntha mukaona kuti pamene munaika pali muzu. Yaitali ija yonga ngalande imakhala ndi malo ambiri m'kati ndipo imapepuka, koma popanda zikhomo zolimba siima n'komwe. Ikakhala dome yokhala ndi ndodo yachitatu yodutsa pamwamba kapena pakhomo, ndiye bwino kwambiri pamphepo. Muonenso kuti kunja kwa fly kuli malo omangirira zingwe, osachepera anayi, ndipo osokedwa molimba.

Pakhomo pakhale kakhonde, ndikutanthauza malo ofoleredwa ndi fly koma kunja kwa chipinda chogona. M'dzinja nsapato zimakhala matope okhaokha, chikwama chonyowa, jekete yodontha, zonsezi zimakhala pakakhondepo osalowa nazo pogona. Makomo akakhala awiri, mbali ino ndi mbali inayo, ndi mwayi waukulu: mphepo imadutsa pakatentha ndipo wofuna kukataya madzi usiku saponda mnzake. Pamwamba pa fly pakhalenso timawindo topumira totseguka ndi kamtengo, ndipo musamatitseke ngakhale kuzizire, n'timene timatulutsa chinyezi chija.

Neti ndi zipi muzione ngati mmene mumaonera neti ya pabedi panu, chifukwa malungo sasankha kuti muli pa holide. Kumadera otsika onse, kunyanja, ku Liwonde, ku Chikwawa, kabowo kamodzi n'kokwanira. Neti ikhale ya maso ang'onoang'ono kwambiri yoti ngakhale tizilombo tating'ono ta kunyanja tisadutse. Zipi itsegulidwe ndi kutsekedwa kangapo konse pamaso pa wogulitsa, iziyenda osakakamira komanso izitseka mpaka kumapeto osasiya mpata pamene zipi ziwiri zikumana, pakuti pampata pamenepo ndi polowera linthumbu, ndipo amene linamulowerapo usiku safuna kuuzidwa kawiri. Zipi ya mano akuluakulu imakhalitsa kuposa yaing'ono, makamaka kumchenga.

Ndinalonjeza kubwerera ku nkhani ya kuzizira. Ku Chelinda, pa Nyika, malo ali pamwamba kupitirira mamita 2,000, mu Juni ndi Julayi mumadzuka m'mawa udzu utayera ndi chisanu, madzi a m'botolo ali zii ngati a mufiriji. Anthu akamva zimenezi amathamangira tenti yokhuthala. Koma tenti ntchito yake ndi kutchinga mphepo ndi madzi, kutentha kumachokera ku zimene mwagonera ndi zimene mwafunda. Kuzizira kwambiri kumalowera pansi, dothi limayamwa kutentha kwa thupi, ndiye kamatiresi ka thovu kaja kopinda n'kofunika kuposa nsalu ina iliyonse ya pamwamba. Onjezani sleeping bag yabwino, chofunda chonga thumba chimene mumalowamo pogona, chipewa cha ubweya ndi masokosi owuma osungira kugona basi. Chimene mungayang'ane pa tentiyo n'choti chipinda cham'kati chisakhale neti yokhayokha kuchokera pansi mpaka pamwamba, koma cham'munsi mukhale nsalu, cham'mwamba neti. Yotero imatchinga kamphepo kozizira pamene mwagona koma imapumabe kukatentha. Ndipo chonde chonde, kuzizire bwanji, musalowetse mbaula kapena sitovu mu tenti. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo, ndipo nsalu zimenezi zikagwira moto zimasungunuka m'kanthawi kochepa. Phikirani panja.

Kogula ndiye kumavuta kuno, tisanamizane. M'masitolo akuluakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe zimene zimapezeka kawirikawiri ndi za fayiba zija zoyenera ulendo wa pagalimoto. Ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena ku Cape Town, kumeneko kuli masitolo monga Cape Union Mart amene amagulitsa matenti a K-Way, ndi Decathlon amene ali ndi a Quechua, mutha kumutumizira zimene mukufuna: nsalu ziwiri, fly yofika pansi, 3,000 mm, ndodo za aluminiyamu, kulemera kwakuti. Mulembereni zimenezi osati kungoti mundigulire tenti yabwino, apo ayi akubweretserani yaikulu yokongola yoti simungakwere nayo ngakhale phiri la Michiru. Oitanitsa pa intaneti kuchokera ku China amatchula kwambiri matenti a Naturehike, ndipo poitanitsa muwerenge kulemera kwa katundu yense pamodzi ndi zikhomo, chifukwa ena amalemba kulemera kwa nsalu yokha. Njira ina ndi alendo amene amamaliza ulendo wawo kuno n'kugulitsa katundu asanakwere ndege, m'magulu a pa Facebook ndi WhatsApp zimatuluka, ndipo mumakhala ndi mwayi woiona ndi maso.

Mwagula, musadikire tsiku la ulendo. Ikhomeni pakhomo panu masana, kawiri katatu mpaka manja azolowere, kenako yesani kamodzi madzulo ndi tochi, chifukwa kuphiri nthawi zambiri mumafika mochedwa mutatopa mvula ikuopseza. Ili chiimire choncho muuze mwana aithire madzi ndi kheni yothirira dimba kapena payipi kwa mphindi 10, inu muli m'kati mukuyang'ana misoko ndi m'makona. Pamene padontha ikani chizindikiro, pakauma mumate. Zikhomo zimene zimabwera ndi matenti ambiri ndi tiwaya topindika ndi kumenya kamodzi, pitani kwa owotcherera akudulireni zingapo za chitsulo chokhuthalako, kapena misomali ya mainchesi 6 imagwira bwino padothi louma la m'chilimwe. Pamchenga chikhomo sichigwira, mangani chingwe ku kamtengo kapena thumba lodzaza mchenga n'kukwirira. Pathanthwe mangirirani ku miyala. Gulaninso pepala lakuda la pulasitiki lija amayala omanga nyumba, mulidule mocheperako pang'ono kuposa pansi pa tenti kuti muziyala kunsi, limateteza ku minga ndi miyala. Ndati mocheperako dala, likatulukira m'mbali limakolola madzi a pa fly n'kuwalowetsa pansi panu.

Pokhoma sankhani malo okwererako pang'ono, osati m'chigwa kapena m'mbali mwenimweni mwa mtsinje. Mitsinje ya pa Mulanje imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pamene muli inu sipanagwe dontho, mvula itagwa kumtunda, ndipo tonse tikukumbukira zimene madzi ochokera m'mapiri anachita ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. A zanyengo akachenjeza, ulendo uimitseni, palibe tenti yopirira zimenezo. Yang'anani m'mwamba ngati pali nthambi youma, yang'anani pansi ngati pali mzere wa nyerere, khomo lilozetseni kumene mphepo ikupita osati kumene ikuchokera, ndipo mverani gaidi akakuuzani kuti apa ayi. Kumalo kuli mvuu, monga m'mbali mwa Shire, khomani pokhapo pamene eni malo akulozerani. Chakudya musagone nacho m'kati kumene kuli anyani ndi afisi.

Mukabwerako, ngakhale mutatopa chotani, tulutsani tenti muiyanike pamthunzi mpaka iume gwa musanaisunge. Tenti yopindidwa yonyowa imachita nkhungu m'masiku ochepa m'nyengo ya dzinja, madontho akuda aja sachoka ndipo amadya mankhwala otchinga madzi. Osaichapa ndi sopo waufa kapena kuipikicha ngati jinzi, madzi ozizira ndi kansalu basi. Zipi ichotseni mchenga ndi mswachi wakale n'kupakako kandulo pang'ono. Poisunga musaithinitse m'kachikwama kake, iikeni momasuka m'pilo yakale, pamalo ouma pamwamba pomwe makoswe ndi chiswe sizifika, ndipo ngati mwakhala kunyanja masiku angapo pamalo amodzi, masana muziifunditsa chitenje kapena kuikhoma pamthunzi kuti dzuwa lisaiphike.